Mutu 6: Seulbi ndi Chiphaso cha Mkulu Wake

1. Mpando wa Hangyeol

Lachitatu ataweruka, Seulbi sanapite ku sukulu ya madzulo kumene mayi ake ankaganiza kuti amapita. Anakwera basi ya kudoko n'kutsikira pa nyumba yakale yosungiramo nsomba. M'chipinda chapansi cha nyumbayo ndi mmene bandi ya Sitima Yomaliza inkakonzekerera nyimbo zake.

Seulbi anali ndi zaka 16. M'kalasi anali wakumchira, ndipo aphunzitsi anali atatopa naye. Koma akangokhala kuseri kwa ng'oma, ngakhale anthu oledzera ankasiya phokoso n'kutembenuka.

Ng'omazo zinali za mchimwene wake, Hangyeol, amene anapita ku usilikali monga amachitira anyamata onse a m'dzikolo. Tsiku lonyamuka, mutu uli mpala, anamupatsa timitengo take toimbira.

"Undisungire mpando wanga," anatero. "Chaka ndi theka sichichedwa. Akangokhazikapo munthu wina, ine kwanga kwatha."

Kwa miyezi isanu ndi iwiri Seulbi anausunga mpandowo. Ankaimba m'timabala ta m'tauni yawo ya Gunsan, polowa ankadzera khomo lakuseri, chipewa chili kumaso, yunifolomu ili m'chikwama. Palibe mwini bala amene anamufunsapo zaka.

Tsiku limeneli anapeza Taesik, mtsogoleri wa bandiyo, akuzungulirazungulira m'chipindamo. Anali asanavule ndi komwe jekete la kuntchito yake yopereka maphukusi m'makomo.

"Wafika Kang'oma! Khala pansi usagwe," anatero Taesik. "Loweruka tikuimba ku bala ya Nangula. Ndipo kukubwera bambo wa ku Seoul, uja amasankha mabandi okaimba ku chikondwerero chachikulu cha m'chilimwe. Wamva nyimbo zathu pafoni, akufuna atione ndi maso."

"Mukunena zoona, achimwene?"

"Ukundiona ngati ndikuseka? Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuimbira anthu amene sakumbukira n'komwe kuti kunali bandi. Alamu ako andiuza kale kuti izi zikakanika gitala ndigulitse. Ndili ndi zaka 36 ine, mwayi wina sudzabweranso."

Pilgu, woimba gitala ya besi, amene sankakonda zolankhula, anakhosomola.

"Muuzeni zinazo," anatero.

Taesik anakanda kumutu. "Mwini wa Nangula ndi mayi ovuta. Akuti aliyense wokwera pansanja aonetse chiphaso cha unzika pakhomo. Wopanda chiphaso abwerere."

Seulbi anayang'ana timitengo tili m'manja mwake. Pa msinkhu wake boma linali lisanamupatse chiphaso, ndipo chikanakhalapo chikanangomuulula.

"Ndidzalowera kuseri ngati masiku onse," anatero.

"Kuseri kuli khitchini, ndipo makiyi amakhala m'khosi mwawo." Taesik anatsitsa mawu. "Paja uli ndi mkulu wako, eti? Ndinamuona tsiku lina, mumafanana ngati mapasa. Chithunzi cha pachiphaso amajambula munthu ali ndi zaka 17."

"Taesik!" anatero bambo Eom, mkulu woimba lipenga, ali pakona.

"Sindikumutuma kanthu ine, aphunzitsi. Ndikungonena za zithunzi." Kenaka anatembenukira kwa Seulbi. "Koma udziwe ichi. Pali mnyamata wa ku yunivesite amene wakhala akundisowetsa mtendere pafoni. Ukakanika Loweruka, ndimuitana. Ndipo akakhala pampandopo, wakhaliratu. Hangyeol akadzabwerako azidzatiombera m'manja."

2. Mawu a bambo Eom

Bambo Eom anali ndi zaka 68. Oimba onse a m'tauniyo ankawatchula kuti aphunzitsi, ngakhale sanaimepo kutsogolo kwa kalasi. Atamaliza kukonzekera, anamuperekeza Seulbi kokwerera basi, bokosi la lipenga lili kumanja.

"Mwanawe, ndimvere mpaka ndimalize, usandidule," anayamba motero. "Ine ndinakwera pansanja ndili ndi zaka 15, m'makalabu a asilikali achilendo aja anali kufupi ndi bwalo la ndege. Ndinalowa ndi dzina la msuweni wanga. Ndinkati n'za tsiku limodzi. Tsiku limodzilo linatha zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ankandiitana dzina la eni ake, ine n'kumavomera, mpaka mayi anga akandiitana dzina langa lenileni ndinkachedwa kutembenuka.

"Sukulu ndinaisiya osadziwa kuti ndaisiya. Lero kujomba, mawa kugona m'kalasi, mkuja manyazi. Mowa ndinauyamba chifukwa kasitomala akakugulira sukana, ukakana abwana amakwiya. Pofika zaka 20 manja anga ankanjenjemera ndisanamwe. Anzanga amene tinayambira limodzi analipo asanu. Amene anafika pa ukalamba ndine ndekha.

"Ndiye tamvera. Bodza la chiphaso silikhala la munthu mmodzi. Limagwira mwini chiphaso, limagwira mwini bala, limagwira ndi mayi ako amene akusita malaya a anthu akuganiza kuti mwana ali pa masamu. Iwe uli ndi luso, ndipo luso siliwola. Ng'oma zidzakhalapo ukadzakwana zaka. Chikondwerero chidzakhalapo. Kuthamanga si kufika, mwanawe. Ukamuuze Taesik kuti ayi."

Seulbi anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

"Nanga achimwene anga ndikawauza chiyani? Kusukulu ndine chitsiru, aphunzitsi. Kunyumba ndine uja wosakhoza. Pamene ndimakhala munthu ndi pampando uja basi. Mukuti ndiusiye?"

"Ndikuti udikire."

"Miyezi yonseyi bwanji simunanene?"

Bambo Eom anaika bokosi lija pansi. "Chifukwa umaimba bwino, ndipo ine ndimakonda kuimba ndi munthu woimba bwino. Ndi tchimo langa limenelo."

"Ndiye ndikabwera Loweruka, inu simukwera pansanja?"

Basi inatulukira pakona.

"Ndikwera," anatero motsitsa. "Inenso sindinaimbepo ku Seoul. N'chifukwa chake mawu anga akupepuka. Koma ngakhale atuluke m'kamwa mwa munthu wofooka, ndi oona."

3. Jekete lakuda

Banja la a Ok, kwawo kwa Seulbi, linkakhala pamwamba pa shopu yawo yochapa ndi kusita zovala. Bambo anamwalira Seulbi ali wamng'ono, ndipo mayi ankaima pa simbi kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Lachisanu madzulo Seulbi anapeza mkulu wake, Darae, ataima pagalasi akuyeserera kuwerama ndi kuyankha mafunso. Darae anali ndi zaka 23. Analephera kawiri mayeso olowera ntchito ya boma, ndipo ulendo wachitatu uno anakhoza. Kunangotsala kukaonekera pamaso pa akuluakulu ofunsa mafunso, patatha milungu iwiri.

"Tandiyang'ana, ndikuwerama bwino?" anafunsa Darae. "Kapena ndikuoneka ngati ndikutola ndalama pansi?"

"Mukuoneka ngati nduna."

"Iwe, usandinyoze! Wadya?"

"Achemwali, mungandibwereke..." anayamba Seulbi. Kachikwama ka Darae kanali pabedi, kali chitsekukire.

"Chiyani? Lankhula."

"Jekete lanu lakuda lija. Mawa kuli phwando la mnzanga."

"Basi? Tenga. Koma ukalidontheza msuzi, ukasita wekha malaya a sabata yonse."

Seulbi anatuluka panja n'kuimbira foni Hangyeol, popeza nthawi yamadzulo asilikali amaloledwa kugwira mafoni awo.

"Kang'oma!" anakuwa Hangyeol. "Taesik wandiuza za mawa. Pano ndauza chipinda chonse kuti mlongo wanga akutitengera ku Seoul. Ukudziwa, masiku ena kuno kumawawa moti chimene chimandidzutsa ndi kuganiza za mpando umenewo."

"Achimwene, pali vuto lina. Pakhomo akufuna..."

"Usaope, ukangowerenga kanayi manja azidziwa okha. Iii, akutiitana pamzere. Usandigwetse ulesi, wamva?"

Foni inaduka. Seulbi anaimbanso kawiri koma sinalowe.

Atabwerera m'nyumba anamva madzi akutsika kubafa, Darae akuimba. Pansi simbi ya mayi inali ikulirabe nthunzi. Seulbi analowa kuchipinda, n'kusolola chiphaso m'kachikwama muja. Pachithunzipo panali mtsikana wa tsitsi lalifupi, wa maso ngati ake enieni. Anachilowetsa m'thumba la jekete lakuda.

Usiku umenewo analoweza tsiku lobadwa la mkulu wake ndi manambala onse a pachiphasocho, mpaka ankatha kuwatchula chobwerera m'mbuyo. M'moyo wake wonse anali asanalowezepo chinthu mwakhama chotero.

4. Mayi Gye

Loweruka cha m'ma faifi bandi inafika ku Nangula. Mwini wake, mayi Gye, anali ataima pakhomo, magalasi ali pamphuno. Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba ngati ya munthu wonyamula makreti.

Anaona chiphaso cha Taesik, cha Pilgu, ndipo cha bambo Eom anachifunanso.

"Abwana, imvi zonsezi?" anadandaula mkuluyo.

"Imvi amagula m'shopu masiku ano. Onetsani."

Seulbi anapereka chake ndi manja awiri. Anali atadzola zofiira pamilomo, atavala jekete lija. Mayi Gye anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope, n'kubwereranso pachithunzi.

"Ok Darae. Zaka 23 koma nkhope ya mwana. Udzasangalala ukadzakalamba iwe. Lemba dzina apa, usaine."

Seulbi analemba dzina la mkulu wake m'buku la pakhomo. Taesik mtima unakhala pansi, n'kuyamba kuimba mluzu.

Amuna aja akulumikiza mawaya, mayi Gye anamukokera Seulbi kukhitchini. Anamuikira mpunga, msuzi wotentha wa kimchi, kabichi wa tsabola uja, ndi dzira pamwamba. Pasinki panali gogo wina wopindika msana akutsuka matambula.

"Idya, ng'oma saimba ndi njala," anatero mayi Gye, n'kukhala pakreti moyang'anana naye. "Usandione ngati mayi wankhanza chifukwa cha zapakhomo zija. Ndikuuze ngati mkazi mnzanga. Bala ino si yanga yoyamba. Ndinali ndi ina kufupi ndi siteshoni. Tsiku lina ndinapita kumaliro, n'kusiya wantchito. Kunabwera anyamata atatu, matupi ngati zimphona, wina ndi ndevu zomwe. Anawapatsa mowa wa soju osafunsa. Anali ana asukulu. Apolisi anafika botolo lisanathe.

"Anyamata aja anangowakalipira n'kuwatumiza kwa makolo awo. Ine ananditsekera bala miyezi iwiri. Ukudziwa miyezi iwiri iwe? Makasitomala sadikira, amapeza pena pokhala. Potsekulanso ndinapeza mipando yokhayokha. Chaka chisanathe ndinatuluka m'nyumba ija ndi masupuni m'thumba. Amuna anga anakwera sitima za nsomba, mpaka pano amabwera kawiri pachaka. Ine ndinakaphika m'kantini ya fakitale zaka zisanu ndi chimodzi kuti nditsekule pano. Awo ukuwaona pasinkiwo ndi apongozi anga, ali ndi zaka 80, akuti sangakhale pansi mpaka bala ino itakhazikika.

"Ndiye mwana akabwera pakhomo langa ndi bodza, iye amati akusewera. Sadziwa kuti wanyamula moto. Sabata ino ndiye yoopsa, ana a kalasi yomaliza angomaliza kumene mayeso aakulu aja, onse akudziona ngati akula, ndipo apolisi akulowa bala iliyonse. Iwe ukadzaona kamwana kakuzembera muno uli pansanjapo, udzandikodole. Tithandizane."

Supuni inamulemera Seulbi. Anaiika pansi n'kuimirira.

"Abwana, ine..."

"Msuzi wawawa tsabola?"

"Ayi. Ine ndimafuna ndinene kuti..."

"Darae!" anaitana Taesik ali pakhomo la khitchini. Dzinalo analitchula mokweza, akumuyang'ana m'maso. "Bambo wa ku Seoul uja wanyamuka kale kuhotela. Tiye tiyese zida."

Mayi Gye anali akudikirabe, akumwetulira.

"Ndimati zikomo chifukwa cha chakudya," anatero Seulbi. Anawerama, n'kutsatira Taesik.

5. Nyimbo yachisanu

Pofika seveni koloko bala inali itadzaza. Bambo wa ku Seoul anakhala patebulo la kutsogolo, maso ali pafoni. Seulbi anagunditsa timitengo kanayi, nyimbo n'kuyamba.

Sanaimbepo ngati tsiku limenelo. Mantha onse anatsikira m'manja n'kusanduka mphamvu. Pa nyimbo yachiwiri bambo uja anaika foni pansi. Pa yachitatu anthu anaimirira. Pa yachinayi bambo Eom analiza lipenga maso ali otseka, ndipo Taesik anatembenuka n'kumusekerera Seulbi, misozi ikuyenderera m'masaya.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Nyimbo yachisanu ili pakati, magetsi onse a m'balamo anayaka.

Pakhomo panali apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Mayi Gye anawalandira mosatekeseka.

"Lowani, onani aliyense. Muno mulibe mwana," anatero, n'kuwapatsa buku lija.

Apolisiwo anayenda tebulo ndi tebulo. Zonse zinali bwino. Akutembenuka kuti azituluka, wapolisi wamkazi uja anaima n'kuyang'ana pansanja.

"A ng'omawo, tabwerani kuno."

Seulbi anatsika. Anapereka chiphaso.

"Dzina?"

"Ok Darae."

"Tsiku lobadwa?"

Analitchula. Anatchulanso manambala onse osaphonya ngakhale imodzi. Wapolisiyo anagwedeza mutu ndipo anatambasula dzanja kuti abweze chiphasocho. Kenaka anafunsa ngati akungocheza, popeza kumeneko chaka chilichonse chili ndi nyama yake, ndipo aliyense amadziwa ya chaka chimene anabadwa.

"Paja munabadwa chaka cha nyama yanji?"

"Cha khoswe."

Mawuwo anatuluka okha, monga amatulukira kuyambira ali wamng'ono. Dzanja la wapolisi linabwerera.

"Mwini chiphasochi anabadwa chaka cha njoka," anatero. "Khoswe ndiye kuti uli ndi zaka 16. Dzina lako lenileni ndani, mwana iwe?"

Wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti njoka yasanduka khoswe, koma palibe anamuthandiza kuseka.

"Ok Seulbi," anayankha, mawu akumveka pang'ono.

Wapolisi wamwamuna anatembenukira kwa oimba. "Mtsogoleri ndani pano? Mumadziwa kuti mukuyenda ndi mwana m'mabala?"

Taesik anayang'ana tebulo la kutsogolo. Bambo wa ku Seoul anali akuvala chikhoti chake.

"Ine sindimadziwa, bwana," anatero Taesik mofulumira. "Anatiuza kuti ndi wamkulu. Watipusitsa tonse. Pilgu, si choncho?"

Pilgu anayang'ana nsapato zake.

"Achimwene!" anakuwa Seulbi. "Si inu munati..."

"Ndinati chiyani? Ndinakupatsa chiphaso ine?"

Bambo Eom anatsika pansanja pang'onopang'ono, lipenga likulendewera pakhosi.

"Lembani dzina langa," anauza wapolisi. "Eom Deokbae. Ine ndimadziwa. Ndadziwa miyezi isanu ndi iwiri."

Makasitomala anayamba kutuluka mmodzimmodzi, bambo wa ku Seoul ali patsogolo. Wapolisi wamwamuna anauza mayi Gye kuti atseke kaye, ndipo Lolemba akaonekere kuofesi ndi mapepala a bala.

"Koma ndinafunsa chiphaso!" analira mayiwo. "Onani m'bukumo, anasaina! Ndichitenso chiyani ine, ndizing'amba anthu m'mimba kuti ndione zaka?"

"Zimenezo mukanene Lolemba, mayi. Mwina akakumverani. Ife tapeza mwana akugwira ntchito m'bala, sitingachite ngati sitinaone."

Gogo uja anatuluka m'khitchini, manja ali thovu, akufunsa chimene nyimbo zasiyira. Mayi Gye anafika pamene panaima Seulbi. Sanamumenye, sanamutukwane.

"Unadya mpunga wanga," anatero. "Ndinakuuza zonse, iwe uli phee, ukudya mpunga wanga."

6. Nkhani ziwiri

Kupolisi anamukhazika pa desiki n'kumupatsa pepala. Wapolisi wamkazi uja, amene pachifuwa pake panalembedwa kuti Seok, anamubweretsera madzi ofunda m'kapu yapepala.

"Lemba zonse mmene zinayendera. Chiphaso unachipeza bwanji?"

"Ndinaba. Achemwali anga anali kubafa."

"Lemba zomwezo. Kugwiritsa ntchito chiphaso cha munthu wina ndi mlandu, ngakhale uli mwana. Kusukulu kwanu tiyenera kuwadziwitsa."

Seulbi analemba, misozi ikudonthera papepala. Bambo Eom anali pabenchi yapakhonde, bokosi la lipenga lili pamiyendo. Taesik anali m'chipinda china, ndipo mawu ake ankamveka akulumbira.

Pasanathe ola chitseko chinatseguka. Analowa mayi ake, epuloni ya kushopu ili m'chiuno, kumapazi atavala masilipasi. Kumbuyo kwawo kunali Darae, tsitsi losapesa.

Mayi anawerama kwa apolisi onse, ngakhale kwa amene ankangodutsa. Atafika pa Seulbi anamuyang'ana kuyambira pa milomo yofiira mpaka pa jekete.

"Masamu ake ndi amenewa?" anafunsa.

Wapolisi Seok anafotokoza zonse, n'kuika chiphaso patebulo. "Ichi ndi chanu, a Darae? Mng'ono wanuyu akuti anakuberani."

Darae anayang'ana chiphasocho.

"Kusukulu mukawauza kuti waba?" anafunsa.

"Tikawauza zimene zalembedwa."

"Mwanayu anamuchenjeza kale komaliza chifukwa chojomba. Akamva zakuba amuchotsa," anatero Darae.

"Zimenezo ndi za asukulu."

Darae anakoka mpweya, n'kuima mowongoka monga ankachitira pagalasi paja.

"Sanabe. Ndinamubwereka ndine. Ndinamupatsa pamodzi ndi jeketelo."

"Bodza!" Seulbi anadzuka, mpando n'kugwa. "Akunama, bwana! Sankadziwa chilichonse! Achemwali, musatero, chonde!"

"Khala chete iwe," anatero Darae. " Akulu akamalankhula umatani?"

"Ndinaba ndine! Ndalemba apa, werengani!"

Wapolisi Seok anadzutsa mpando uja, n'kuuza Seulbi kuti akhale. Kenaka anatembenukira kwa Darae.

"Achemwali, ndisanakupatseni pepala ndikuchenjezeni, chifukwa ndaona ambiri akuchita zimene mukuchitazi. Inu ndinu wamkulu. Munthu wamkulu wobwereketsa chiphaso kuti mwana alowere m'bala samukalipira n'kumutumiza kunyumba. Nkhani imapita patsogolo, ndipo dzina limalembedwa. Mayi anu andiuza pafoni kuti mukudikira ntchito ya boma. Kumeneko amafufuza mbiri ya munthu. Mukasaina kuti munabwereketsa, ine sindidzatha kufufuta. Mukasaina zabodza, umenewonso ndi mlandu pawokha. Chifundo n'chabwino, koma chifundo china chimagwetsa anthu awiri m'dzenje la munthu mmodzi. Ganizani bwino."

"Ndaganiza," anatero Darae. "Mayeso ndinazolowera kubwereza. Uyu akachotsedwa sukulu sadzabwereranso, ndimamudziwa. Ndipatseni pepalalo."

Seulbi anagwada pansi n'kugwira miyendo ya mkulu wake. "Zaka zitatu, achemwali! Zaka zitatu mwakhala mukuwerenga! Ndichotsedwe ine, ndine chitsiru kale. Amayi, auzeni! Auzeni kuti akunama!"

Wapolisi Seok anaika pepala loyera pafupi ndi la Seulbi lija, cholembera chili pakati. Sanapatse Darae. Anayang'ana mayi aja.

"Mayi, ana anu ndi awiri ndipo nkhani zabwera ziwiri. Imodzi ndi yabodza. Inu munawabala, mumagona nawo nyumba imodzi. Ndiuzeni, ndilembe iti?"

Mayi anayang'ana Darae, amene anapukusa mutu pang'ono mowachonderera. Anayang'ana Seulbi ali chigwadire pansi, zofiira zija zitapakika mpaka patsaya.

Kenaka anamasula epuloni yawo, n'kuipinda bwinobwino monga amapindira malaya a makasitomala. Anaiika patebulo, n'kukoka mpando.

"Nonse awiri tulukani panja," anatero. "Bwana, cholemberacho patseni ine. Mlanduwu ndiusenza ndine."